Puloti ya kuphiri la Dedza: musanatumize ndalama, dziwani izi

Ku Lesotho kuli Afriski, komwe alendo amakatsetsereka pa chipale chofewa. Kwathu kuno chipalecho kulibe, koma tili ndi kuzizira kwa June ndi July, phiri lotalika mamita pafupifupi 2,200, komanso msewu wa M1 wobweretsa anthu a ku Lilongwe. N'chifukwa chake aliyense wa kandalama akulota loji kuphiri.

Koma malo onse a kuphiri si ogulitsa ayi. Mbali yaikulu ndi nkhalango yotetezedwa, ili m'manja mwa dipatimenti ya zankhalango. Mfumu ilibe mphamvu yogulitsa pamenepo, kaya kalata yake ikhale ndi chidindo chokongola bwanji. Malo a makolo nawo ali ndi lamulo lake la 2016, lofuna kuti adutse ku komiti ya zamalo ya m'mudzi. Zongopatsana ndalama pansi pa mtengo, mudzalira nokha.

Ku Chongoni ndiye nkhani ina. Mu 2006 UNESCO inaika derali pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse chifukwa cha malo 127 a zojambula pamiyala: zofiira za Akafula, zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Mlendo wopita ku Chencherere kapena Mphunzi akufuna zimenezo ndi mitengo, osati mpanda wa njerwa. Njerwazonso timaotchera mitengo ya phiri lomwelo, ndiye tangoganizani.

Musanalipire, kafunseni ku ofesi ya zamalo ku khonsolo, muone pomwe malire a nkhalango adutsa.