Kompyuta satsegula ndi mpeni

Sabata ino ndasiya kaye nkhani za sikelo ya ana ndi phala. Tikambirane za bokosi lija limakhala pansi pa tebulo, lomwe ambiri timangoti CPU, chifukwa tsiku lina bokosili linandibwezera ku ntchito yanga yakale yomanga mabala.

Linali Loweruka madzulo kuno ku Rumphi. Ndinangomva kugogoda. Potsegula chitseko ndinapeza ndi mwana wa mlongo wanga, dzanja atalikulunga ndi nsalu, magazi ali chuchuchu. Pambuyo pake panali mkazi wake, mwana ali kumsana, nkhope ili ndwii.

"Ankhazi, tithandizeni, ndadzicheka ndi kompyuta," anatero mnyamatayo.

Ndinatsuka balalo ndi madzi oyera ndi sopo n'kulimanga, kenaka ndinafunsa mutu wa nkhani. Mayiyo ndi mphunzitsi ndipo akupitiriza maphunziro, choncho anagula kompyuta yakale ya Dell OptiPlex, ija ya kabokosi kakang'ono, kuti azilembera ntchito za kusukulu. Koma inkachedwa zedi. Ukaiyatsa umatha kuteleka madzi a tiyi mpaka kuwira isanatseguke. Wina anawauza kuti mankhwala ake n'kuwonjezera RAM. Bamboyo, osauza mkazi wake, anatapa ndalama ya feteleza n'kukwera minibasi ya ku Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 60. Pobwera bokosi linakana kutseguka, iye n'kutenga mpeni wa kukhitchini. Mpeni unaterereka, lata n'kumucheka. Choipa kwambiri, RAM anagulayo sinalowe n'komwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Sabata yotsatira tinaitana mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu amene amakonza makompyuta. Ine ndinakhala pambali n'kumafunsa ngati mwana wa sukulu. Zomwe ndinaona ndi kumva ndi zimene ndikukugawirani lero.

Poyamba, kodi RAM n'chiyani? Ganizirani za nkhokwe ndi lichero. Hard disk ndiyo nkhokwe, momwe mumasungidwa zithunzi, makalata ndi nyimbo zanu. RAM ndi lichero limene kompyuta imapetera zomwe ikugwira pa nthawiyo. Lichero likachepa, imangopita kunkhokwe n'kubwerera, ndiye kuchedwa kuja. Mukazimitsa kompyuta zapalichero zimachoka, koma za m'nkhokwe zimakhalabe. Choncho kusintha RAM sikufufuta makalata anu ayi.

Koma monga kuchipatala, sitipereka mankhwala tisanayeze. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Kompyuta imachedwanso chifukwa cha ma virus, hard disk yotopa, kapena fumbi la m'chilimwe lomwe limatseka fani mpaka makina kutentha. Ngati muli ndi Windows 10, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, sankhani Performance, kenaka Memory. Pamenepo muona kuti muli ndi ma GB angati, angati akugwira ntchito, ndiponso timipata tingati ta RAM tili ndi kanthu. Ngati RAM ikudzaza mukangotsegula intaneti ndi Word, ndiye kuti matenda ndi amenewo. Ngati sikudzaza, ndalama yanu ingathandize bwino mutagula SSD m'malo mwa hard disk yakaleyo.

Chachiwiri, gulani yoyenera. RAM ili ndi mitundu: DDR2, DDR3 yomwe inabwera mu 2007, DDR4 ya mu 2014, ndi DDR5 ya makina atsopano. Mitunduyi silowana. DDR2 ndi DDR3 zonse zili ndi timano 240 ndipo kwa ife osadziwa zimaoneka zofanana, koma kampata kamene kali pakati pa timanoto kali pamalo osiyana. DDR4 ili ndi timano 288. Ya laputopu ndi yaifupi, siingalowe m'bokosi la patebulo. Mnyamata wathu uja anagula DDR4 pomwe makina ake ndi a DDR3. Musananyamuke ku Bolero, ku Mhuju kapena ku Chiweta, lembani dzina ndi nambala ya kompyuta yanu, jambulani ndi foni chizindikiro chomwe chili pa RAM yakaleyo. Funsani wogulitsa kuti makina anuwo amalandira ma GB angati, poti aliwonse ali ndi malire ake. Pemphani lisiti ndipo mugwirizane zobweza ikakana. Thiransipoti yopita kawiri ku Mzuzu ndi ndiwo za masiku angapo.

Dziwaninso zinthu ziwiri izi. Windows ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito RAM yoposa 4 GB ngakhale mutaikamo yochuluka bwanji. Komanso kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imakana makina ambiri akale ngakhale RAM itakwanira. Ndiye musathire ndalama zambiri m'makina okalamba musanafunse odziwa.

Tsopano tifike pa kutsegula, pamene panavulalira mwana wathu. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, ndipo dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Zulani zingwe zonse za kumbuyo mutazijambula kaye. Goneketsani bokosi patebulo, pafupi ndi zenera, masana kukuwala. Pamphasa usiku ndi tochi ya foni m'kamwa ayi.

Mabokosi ang'onoang'onowa ambiri safuna mphamvu. Ena ali ndi kachogwirira pamwamba kapena kumbuyo komwe mumangokoka kapena kukankha, chivundikiro n'kumasuka chokha. Ena ali ndi masikuluwu awiri kumbuyo, mukamasula mumakokera chivundikirocho chakumbuyo. Mnyamata wokonza uja anangokoka kachogwirira ndi zala ziwiri, bokosi lomwe linakana mpeni lija n'kuti gwa, kutseguka. Tonse tinaseka, kupatula mwini dzanja. Ikakana, imani, yang'ananinso. Pali chomwe simunamasule.

Musanagwire chilichonse m'katimo, khudzani chitsulo cha bokosilo ndi dzanja. Mukudziwa kuthetheka kuja timamva tikamavula juzi ya nayiloni usiku? Timagetsi timeneto, ngakhale ife sititimva kuwawa, timatha kuwononga RAM. Vulani mphete ndi wotchi, ndipo m'manja mukhale mouma.

M'kabokosi kakang'ono zinthu n'zothinana ngati minibasi ya tsiku la msika. Kawirikawiri RAM imabisala pansi pa choikamo DVD ndi hard disk. Pa makina a Dell, malo ogwira amakhala ndi utoto wa buluu. Dinani pamenepo, nyamulani pang'onopang'ono, ndipo onetsetsani kuti simukukoka tizingwe. Jambulani chilichonse musanachisunthe. Masikuluwu ikani m'kambale. Ngati muli fumbi, lichotseni ndi kaburashi kouma. Osathira madzi, osauzira ndi pakamwa, malovu amalowa.

Kumbali zonse ziwiri za RAM kuli timapanda tomwe timaigwira. Tikankhireni kunja, RAM idzuka yokha. Yatsopanoyo igwireni m'mphepete, osakhudza timano tagolideto. Lunjikitsani kampata kake ndi kachotupa kamene kali m'malo oikamo, kenaka dinani mbali zonse ziwiri mofanana mpaka mumve kuti thwa, timapanda titadzitseka tokha. Ngati kampata sikakulunjika, tembenuzani. Ngati sikakulunjikabe, mwagula yolakwika, musakakamize. Mukayatsa n'kumva kulira kwa bii bii, kapena osaona kanthu pa sikirini, musachite mantha. Nthawi zambiri ndiye kuti sinakhale bwino. Zimitsani, zulani chingwe, ikaninso.

Pano ndiyankhule ngati namwino. M'bokosimo muli kabokosi kena kachitsulo komwe chingwe cha magetsi chimalowera. Kameneko musakatsegule ngakhale pang'ono, kamasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi. Malata a m'katimo ndi akuthwa. Mukadzicheka, tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, panikizani ndi nsalu yoyera mpaka magazi aleke. Osathirapo mafuta a galimoto, phulusa kapena dothi. Bala likakhala lakuya pitani kuchipatala, akaonenso za katemera wa kafumbata.

Koma chimene chinandiopsa kwambiri tsiku lija n'china. Bokosi lili chitsegukire, mdzukulu wanga wa zaka ziwiri anafika n'kuloza kabatire kozungulira konyezimira ngati ndalama yachitsulo. Kabatire kameneka, CR2032, kali pafupifupi m'kompyuta iliyonse ya patebulo, ndipo ena amakachotsa n'kukasiya patebulo. Mwana akakameza n'kukakamira pakhosi, kamayamba kuwotcha kummero m'maola awiri okha, ndipo mwana atha kumwalira. Zikachitika musamusanzitse, musadikire kuti kuche. Thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi chipatala cha boma pa Rumphi, kaya David Gordon Memorial ku Livingstonia, kaya chilichonse chapafupi, ndipo mukanene kuti wameza batire. Njira yabwino n'kuti ana akasewere panja mpaka bokosi litatsekedwa ndipo masikuluwu onse awerengedwa.

Nanga banja lija linatha bwanji? Wogulitsa anavomera kusinthitsa, ngakhale anadulako ndalama pang'ono. Ulendo wachiwiriwo anapita onse awiri, RAM yakale ili m'kapepala. Lero kompyutayo ili ndi 8 GB m'malo mwa 4 GB, ndipo mayi amalemba ntchito zake osadandaula. Koma mkwiyo wake unatenga nthawi kuposa bala. Anandiuza kuti, "Ankhazi, ndalama sindikuidandaula kwambiri. Chandiwawa n'choti sanandifunse, chonsecho kompyutayo ndimagwiritsa ntchito ndine."

Inu abambo, kufuna kudabwitsa akazi anu ndi chinthu chabwino si kulakwa, koma ndalama ya feteleza ndi ya banja lonse. Inu amayi, amuna anu akalakwitsa pofuna kuthandiza, dzudzulani koma musawachititse manyazi pamaso pa ana. Khalani pansi, onani vuto limodzi, wina agwire tochi wina sikuludiraiva. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo ngati mtima ukukayika, kulipira wodziwa ntchito n'kotsika mtengo kusiyana ndi kugula kompyuta ina.

Mpeni ubwerere kukhitchini. Tionanenso Lamulungu likudzali.