Kodi Mphaka Agone M'nyumba Kapena Panja?

Nkhani ya pa wailesi ya mlangizi wa zaulimi wa ku Salima

 Lero tikambe za mphaka. Ena museka kuti mlangizi wasowa nkhani, koma funsani munthu amene makoswe anamuboolera matumba a mpunga, kapena mai amene anapiye ake anatha usiku umodzi, mudzamva kuti nkhaniyi njosaseketsa.

Ku London ndi m'mizinda ina ya Azungu anthu amatsutsana ngati mphaka ayenera kutulukako panja kapena akhale m'nyumba moyo wake wonse. Kwathu kuno funsolo liri lina. Mphaka wathu ndi wa nchito, ndipo palibe angamutsekere usana ndi usiku m'nyumba ya zipinda ziwiri. Chimene ine ndiri kupempha nchakuti masana ayende pabwalo monga mwa masiku onse, koma dzuwa likalowa alowe m'nyumba, agone kumene kuli matumba.

Taganizani kumene chakudya chathu chimakhala masiku ano. Kale chimanga chinali kukhala m'nkhokwe panja. Tsopano ambiri mumakonola, nkuthira mankhwala a anankafumbwe, nkuunjika matumba kuchipinda poopa akuba. Makoswe nawo anasamuka nacho chimangacho. Ndiye mphaka ali kusakanji kuthengo usiku wonse, pamene khoswe ali kudya mwaufulu pafupi ndi mphasa yanu? Ngati mukali ndi nkhokwe, musadalire mphaka yekha. Ikwezeni bwino, muveke miyendo yake malata osongoka ngati chipewa kuti khoswe alephere kukwera, ndipo mulambule udzu wonse pozungulira.

Pali chiphunzitso china chimene ndimachimva m'midzi yambiri, chakuti mphaka ukamudyetsa amachita ulesi. Ichi nchabodza. Mphaka amagwira khoswe chifukwa ndi chibadwa chake, ngakhale atakhuta. Wanjala ndiye amafuna chapafupi. Khoswe wamkulu amaluma ndipo amathamanga, pamene usipa uli pa thandala sumathawa, mwanapiye nayenso sabwezera. Milandu yambiri ya amphaka pakati pa anansi imayambira pamenepa: mwini usipa aponya mwala, mwini mphaka akwiya, mawa lake wina waika chiphe. Patsani mphaka wanu kansima ndi mitu ya nsomba madzulo ali onse, m'nyumba, pa malo amodzimodzi, pamodzi ndi madzi. Pakapita masiku owerengeka adzayamba kubwera yekha nthawi imeneyo, inu nkungotseka chitseko.

Ku Swaziland, dziko limene tsopano litchedwa Eswatini, akatswiri anayesa m'makomo a kumudzi, ndipo mu 2017 anafalitsa zimene anapeza. Pakhomo pokhala mphaka yekha kapena galu yekha makoswe sanali kuopa kwenikweni, koma pamene panali onse awiri makoswe anali kuchita mantha kudzadya. Chotero galu panja, mphaka m'kati, si nzeru yoipa ai.

Tsono za chiwewe, ndipo apa mumvetsetse. Anthu ambiri odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, koma mphaka nayenso amachitenga ndi kupatsira munthu pomuluma kapena kumukanda. Amachitenga kuti? Usiku, pokumana ndi agalu osokera ndi zirombo za kuthengo. Nthendayi ikangoonekera pa munthu, kuchira kulibe. Chifukwa chake alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, musatenge galu yekha. Mphaka muikeni m'dengu lobvundikira kapena m'katoni yoboola, asakuthaweni panjira, mupite naye. Wa miyezi 3 wakwana kale kubayidwa. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi mphaka wosadziwika, kapena wanu yemwe amene wasintha makhalidwe, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite naye ku chipatala cha Salima kapena china chapafupi tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati patupa.

Wina afunsa, nanga akagona m'nyumba adzithandiza kuti? Mchenga kuno sitigula. Thirani m'beseni lakale, muike pangodya kutali ndi chakudya, ndipo mutaye m'chimbudzi m'mawa uli wonse, nkusamba m'manja. Nchito imeneyi asagwire mai woyembekezera, pakuti m'ndowe za mphaka mumakhala tizirombo timene tingapweteke mwana ali m'mimba. Tizirombo timeneti timayamba kuopsa ndowezo zikagonera, nchifukwa chake ndati tsiku ndi tsiku.

Bvuto lina ndi kuswana. Mphaka amakhala ndi bere milungu 9 yokha, ndipo angathe kuswa kawiri kapena katatu pa chaka. Ana akachuluka anthu amakawataya kudambo kapena kumsika, poyesa kuti achita chifundo. Amene apulumuka amasanduka a kuthengo, nadya mbalame ndi nkhuku za eni, ena nakwerana ndi avumbwe mpaka mtundu wa vumbwe weniweni usokonezeka. Funsani kwa a ziweto za kufula wamphongo ndi kutseka wamkazi, ndipo ana amene abadwa kale muwapezere makomo.

Mau otsiriza ndi a inu asodzi amene mumakagona ku zilumba. Musakwere ndi mphaka m'bwato, ngakhale makoswe akubvuteni bwanji kumsasa. Pa chilumba cha Marion, cha dziko la South Africa, anthu anatengerako amphaka 5 mu 1949 kuti agwire timakoswe ta m'nyumba zao. Pofika 1977 amphakawo anali pafupi 3,400, ndipo anali kupha mbalame za kunyanja zoposa 400,000 pa chaka, popeza mbalame ya pa chisa njosabvuta kugwira kuposa khoswe. Boma linabvutika zaka zambiri kuwachotsa, nkumaliza mu 1991, koma timakoswe tija tinatsala. Zilumba zathu monga Namalenje ndi Maleri nzazing'ono koposa Marion, ndipo za Maleri ziri m'kati mwa Lake Malawi National Park, kumene nyama ndi mbalame ziri m'manja mwa lamulo. Kumsasa tcherani misampha, ndipo ufa muusunge m'ndowa yotseka.