Tisalole manyazi atiphere anthu amene mankhwala anapulumutsa

Ife amene tayendera odwala m'midzi kwa zaka zambiri tikumbukira nthawi imene kumva kuti munthu ali ndi kacirombo ka HIV kunali ngati kumva za maliro. Zinthu zinasintha m'caka ca 2005 pamene boma linayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere. Lero anthu amene tinali kuwalira akulima minda yawo ndi kulera adzukulu. Koma pali mdani wina amene amalowera pa khomo lomwelo: khansa.

M'caka ca 1983, Dokotala Anne Bayley wa pa cipatala ca UTH mu Lusaka anaona kuti khansa yochedwa Kaposi yasintha khalidwe. Kale inali kugwira miyendo ya amuna pang'onopang'ono, koma tsopano inayamba kupha anthu acicepere msanga. Pambuyo pake zinadziwika kuti HIV ndiyo inali kufooketsa matupi awo. Khansayi imaoneka ngati mawanga akuda kapena ofiirira pakhungu ndi m'kamwa, nthawi zina miyendo imatupa. Ambiri amati aponda mankhwala oipa, nathamangira kwa ng'anga. Si ufiti ai. Kumwa ma ARV mosadumphitsa kumaicepetsa mphamvu, ndipo ikakula pali cithandizo cina ku Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007.

Khansa imene imapha azimayi ambiri m'dziko lathu ndi ya khomo la ciberekero. Imayamba ndi kacirombo kena kochedwa HPV, kamene kamafala pogonana. Bungwe la WHO likunena kuti mayi amene ali ndi HIV ali pa ngozi yodwala khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe. Kwa mayi wathanzi imatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ikule, koma thupi likafooka zaka 5 mpaka 10 zimakwana.

Kuyambira mu 2006, anamwino athu akhala akupima azimayi ndi viniga. Amapaka pa khomo la ciberekero, ndipo malo amene ayamba kudwala amayera. Malowo amawaocha ndi cipangizo cozizira kapena cotentha, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Mu 2019 boma linayambanso kupereka katemera wa HPV kwa atsikana m'dziko lonse. Mlimi aliyense adziwa kuti udzu upaliridwa ukali waung'ono.

Nanga n'cifukwa ciani azimayi akali kufika kucipatala mocedwa? Manyazi ndi mijedo yathu. Mayi amataya magazi pamene si nthawi yake, koma akhala cete poopa kuti apongozi adzati anali kuyenda-yenda. Wina akana kupimitsa cifukwa mwamuna wake sanalole. Ife tomwe, potuluka m'chalichi, timaloza zala amene tawaona pa mzere wa mankhwala.

Mu 1987 a Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wawo Masuzyo anafa ndi AIDS. Ngati mtsogoleri wa dziko sanabise, ife tibisiranji?

Abambo, perekezani amayi a kunyumba ku kiliniki mvula isanagwe ndi nchito ya kumunda isanaculuke. Makolo, lolani ana anu aakazi alandire katemera. Ndipo tikaona mnzathu akupita kukatenga mankhwala, timufunse za cimanga cake, osati za matenda ake.