Ana ayiwala njira ya ku masuku

Mvula yoyamba ikangogwa m'maboma a Angonia, Tsangano ndi Macanga, ngumbi zimatuluka pa chulu ndipo masuku amalakatika m'mapiri. Kale nyengo imeneyi mudzi unkangoti zii masana, ana onse ali ku thengo ndi timadengu tawo. Masiku ano wofuna mwana amayamba wakasuzumira ku nyumba ya kanema, kapena kuseri kwa golosale kumene anyamata asanu amaunjirira foni imodzi. Pa Ulongwe, pa Zobue ndi pa Calomue zimenezi sizachilendonso, ndipo zayamba kufika ku midzi ya kutali ndi msewu.

Koma si bwino kuthamangira kudzudzula ana okha. Makolo awo ambiri anakula akuopa tchire, ndipo chifukwa chinalipo. Nkhondo ya zaka 16 inathawitsira anthu oposa 1 miliyoni ku Malawi, ndipo ena mwa abambo ndi amayi a lero anabadwira m'misasa ya othawa nkhondo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera n'kupeza mabomba okwiriridwa m'minda, m'njira za ku madzi ndi m'mabwinja. Mwana aliyense ankauzidwa mawu amodzi: osapatuka m'njira. Ntchito yozula mabombawo inatenga zaka zoposa 20, mpaka bungwe la APOPO linachita kubweretsa abwampini ophunzitsidwa kununkhiza wonga. Mu Seputembala 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Mabomba anachoka, koma mantha aja anatsala m'nyumba zambiri, ndipo munthu amene sanaphunzire tchire ali mwana alibe choti n'kuphunzitsa mwana wake.

Chimene chikutayika apa si masewera okha. Taonani nkhani ya bowa. Utale umamera pa chulu chifukwa chiswe ndicho chimaulima pansi. Mitundu ina yambiri imamera m'tsinde mwa msuku, mombo ndi tsamba, popeza imadyera pamodzi ndi mizu ya mitengoyo. Wootcha makala akagwetsa mtengo, bowa wa pamenepo naye amasamuka. Nzeru ngati zimenezi mwana amaziphunzira ali chinjuta pambali pa agogo ake, akuonetsedwa ndi chala kuti uwu ndi ndiwo, uwu ndi maliro. Palibe chidule china. Zoti bowa wodyedwa ndi tizilombo ndiye wabwino n'zabodza, ndipo zapwetekesa mabanja. Agogo odziwa zimenezi akutha mmodzimmodzi, adzukulu ali pa kanema wa nkhonya.

Nawo a chipatala ali ndi mawu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la OMS limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamanga kapena kusewera mwamphamvu kwa ola limodzi tsiku lililonse. Phada, fulaye, chipako ndi mpira wa chikulunga zimakwaniritsa zimenezi popanda kulipira ndi metikali imodzi yomwe. Kuwala kwa panja kumathandizanso maso. Ku Taiwan ana ambiri anayamba kulephera kuona patali, ndipo mu 2010 boma linalimbikitsa masukulu kuti ana azikhala panja maola awiri pa tsiku. Vutolo, lomwe linkangokula chaka ndi chaka, linayamba kutsika.

Wina anena kuti mwana wa kumudzi amakhala panja kale, poweta ng'ombe ndi popalira mbatatesi. N'zoona, koma kugwira ntchito ndi kwina, kuyenda ndi mkulu wokuuza mayina a mitengo ndi mbalame ndi kwinanso. Atsikana ndiwo amamanidwa kwambiri, chifukwa akaweruka ku sukulu mtsuko ndi mwana wa kumbuyo zimakhala zikuwadikira.

Chofunika si ndalama. Popeza masukulu ambiri amaphunzitsa ena m'mawa ena masana, theka la tsiku limakhalapo. Agogo, amalume kapena azakhali popita kukazula bowa, kokumba mbewa kapena kokafuna mankhwala asamapite okha. Atenge ana atatu kapena anayi a pa mudzi. Aphunzitsi a m'tsinde mwa phiri la Domwe ali ndi kalasi ya ulere pa khomo pawo. Malamulo akhale ochepa koma olimba: osapisa dzanja ku una, osasamba m'madzi odikha mmene muli nkhono za likodzo, ndipo chitsulo chachilendo chikapezeka osachikhudza, koma kukauza amfumu kapena apolisi, poti mvula nthawi zina imafukula zotsalira za nkhondo.

M'nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza kunali mfuu yoti mwana wa sukulu aliyense abzale mtengo ndipo mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango. Kumene nkhalangozo zinasamalidwa, ana ali ndi kopita. Kumene kwatsala zitsa, ntchito ingayambe ndi masuku a chaka chino. Nthangala zake sizichedwa kufa, choncho zifesedwe zikadali zaziwisi, pasanathe masabata atatu, ndipo m'machubu muthiridweko dothi lotapa pansi pa msuku waukulu kuti mbande zigwire bwino.