Chitsulo chodulidwa ndi mpeni

M'labotale ya sukulu ya sekondale yokhala ndi zida zokwanira mumakhala kabotolo kamene mphunzitsi salola mwana kukhudza. M'kati mwake muli tizidutswa totuwa tomizidwa m'mafuta a palafini. Ameneyo ndi sodiyamu. N'chitsulo ndithu, koma chofewa moti mpeni umangolowa ngati ukudula sopo. Podulidwapo pamanyezimira kwa masekondi ochepa, kenako n'kuchita mbuu chifukwa cha mpweya. Mafuta aja ntchito yawo ndi kutchinga mpweyawo ndi chinyontho.

Mphunzitsi amadula kachidutswa kosaposa njere ya mpunga, n'kukapukuta mafuta, n'kukaponya m'beseni la madzi ndi chopanira, ana ataima patali atavala magalasi oteteza maso. Sikamira, poti sodiyamu ndi wopepukirapo kuposa madzi. Kamangoti uku thamangu, uku thamangu, kakulira tsiii, ndipo kutentha kwake kumakasungunula n'kukhala kampira, chifukwa sodiyamu amasungunuka pa madigiri 98 okha. Chikukakankhacho ndi mpweya wa haidirojeni womwe ukutuluka m'madzimo. Madzi otsalawo asakhudzidwe ndi manja: muli kositiki soda, yemwe uja amapangira sopo, ndipo kadontho ka phenolphthalein kamawasandutsa apinki.

Potaziyamu ndiye wamkali kwambiri. Akangogwera m'madzi, pamabuka lawi la mtundu wa pepo.

Palibe matsenga apa. Zitsulo zimasiyana pa changu chotaya maelekitironi, ndipo sodiyamu ndi potaziyamu amataya yawo mosanyinyirika. N'chifukwa chake sapezeka ali okha m'nthaka monga golide. Sodiyamu amabisala mumchere wa m'ndiwo uja. Amene anayamba kupeza zitsulo ziwirizi zili zokha ndi Humphry Davy ku London mu 1807, pogwiritsa ntchito magetsi. Mu 2015, gulu la Pavel Jungwirth ku Prague linajambula kadontho ka sodiyamu wosakaniza ndi potaziyamu ndi makamera othamanga kwambiri, n'kuona kuti maelekitironi akathawira m'madzi, chitsulo chotsalacho chimakankhana chokha n'kutulutsa timinga. Nkhani ya m'kalasi ija, akatswiri anali asanaimalize.

Koma ine, pa ntchito yanga yophunzitsa kemisitiri, ndimaona kuti sodiyamu amaba chidwi chochuluka kuposa zomwe amaphunzitsa. Ana amakuwa, amapempha kuti tibwereze, koma ukawafunsa mawa lake amangokumbukira phokoso. Msomali wamba umachita bwino. Ukaukwecha ndi sandipepa n'kuumiza m'madzi abuluu a copper sulphate, pakangopita mphindi zingapo umavala chikhungu chofiirira cha kopa, ndipo madziwo pang'onopang'ono amayamba kubiriwira. Ayironi wa msomaliwo wapereka maelekitironi ake kwa kopa n'kumulanda malo m'madzimo. Waya wa kopa ukamizidwa m'madzi a iron sulphate, sipachitika kanthu. Mwana aliyense atha kuchita zimenezi ndi manja ake, ndipo amadzionera yekha chitsulo chomwe chili pamwamba pa chinzake pa mndandanda wa changu chotaya maelekitironi.

Mndandanda womwewu ndi umene uli padenga la nyumba zathu. Malata amakutidwa ndi zinki, yemwe ali pamwamba pa ayironi. Lata likakalika ndi msomali, zinki wa m'mbali mwa balalo ndiye amayamba kudyeka, ayironi n'kupulumuka. Dzimbiri likayamba kuoneka, ndiye kuti zinki watha pamalopo.