Mlandu wa Liwu Limodzi

Munthu akatulukira chipangizo chatsopano, boma limampatsa chikalata chotchedwa patenti. Chikalatachi chimaletsa ena kupanga kapena kugulitsa chipangizocho popanda chilolezo chake, ndipo m'maiko ambiri chimagwira ntchito kwa zaka 20. Kumapeto kwake mwiniwake amalemba ndime zingapo zotchula chimene akuti n'chake. Ndimezi ndizo malire a munda wake: wolima kunja kwa malirewo sanalakwe. Koma malire aŵa ndi mau chabe, ndipo pa mau anthu amatsutsana.

Ku Britain kampani ya Catnic inali ndi patenti ya mtanda wachitsulo umene amisiri amaika pamwamba pa khomo kapena zenera kuti usenze njerwa. Ndime ina inati mbali ya kumbuyo ya mtandawo imaima chilili. Kampani ya Hill and Smith inapanga mtanda wofanana nawo, koma mbali ija inaipendeketsa pang'ono, pa mitanda ina madigiri 6, pa ina 8. Mlandu utafika kubwalo, iwo anati wawo suima chilili, motero sanaloŵe m'munda wa mwini. Bwalo la apilo linagwirizana nawo.

M'chaka cha 1980 nkhaniyi inafika ku House of Lords, limene panthaŵiyo linali bwalo lalikulu koposa. Lord Diplock anaŵeruza kuti patenti salembera akatswiri a galamala kapena a masamu, koma anthu odziŵa ntchitoyo. Funso likhale lakuti: kodi mmisiri womanga nyumba, poŵerenga mau akuti chilili, angaganize kuti wolembayo anafuna madigiri 90 enieni, osaphonya ngakhale pang'ono? Mmisiri amadziŵa kuti chofunika n'chakuti mtanda usenze katundu, ndipo kupendeka kuja kunachepetsa mphamvu yake pang'ono zedi. Hill and Smith anagonja. N'zoonekeratu kuti chiweruzochi chinali cholungama, pakuti cholinga chachikulu cha kupendeketsako chinali kuzemba liwu limodzi.

Komabe mbali inayo ili ndi dandaulo lomveka. Wamalonda amaŵerenga patenti kuti adziŵe pamene angapondepo. Mau akamatanuka ngati mphira, adzadziŵa bwanji? Mkanganowu sunathe. Mu 2017, pa mlandu wa Actavis ndi Eli Lilly wokhudza mankhwala a khansa otchedwa pemetrexed, bwalo la Supreme Court linapita patsogolo. Patenti inatchula mankhwalawo osakaniza ndi sodium, Actavis anafuna kugwiritsa ntchito mitundu ina monga ya potassium, koma bwalo linati kusintha kotero kunali kosanunkha kanthu, ndipo kugulitsa mankhwalawo kukanakhala kuphwanya patentiyo.