Kabokosi kokometsa kulira kwa gitala

Gitala yamagetsi ikalira yokha, mawu ake amangoti dwii n'kutha. Reverb ndi kamkokomo kotsalira m'mbuyo, konga kamene kamamveka munthu akaimba m'tchalitchi chachikulu chopanda anthu, mawu akugunda makoma n'kubwerera.

Mu 1961 kampani ya Fender inatulutsa chipangizo chopanga mkokomowu ndi masipuling'i. Mawu akadutsamo, masipuling'iwo ankanjenjemera n'kuwatalikitsa. Woimba gitala Dick Dale wa ku California anachigwiritsa ntchito kwambiri, ndipo chinakhala chizindikiro cha nyimbo zotchedwa surf. Pofika 1987, kampani ya Boss inali itaika reverb ya dijito m'kabokosi koponda ndi phazi, kotchedwa RV-2.

Luso lagona pa timabatani topotokola ta pakabokosika. Ka decay kamalamula nthawi imene mkokomo ukhalitse, ka mix kuchuluka kwake, pomwe ka tone kamaunoletsa kapena kuufewetsa. Nyimbo yodekha imakoma ndi decay yaitali. Koma zala zikamathamanga pazingwe, reverb yochuluka imasakaniza manotsi mpaka womvera osatolapo kanthu.

Oimba ambiri amalumikiza kabokosika kumapeto kwa mzere wa timabokosi tawo, pambuyo pa ka distortion kokhakhalitsa mawu, chifukwa kakakhala patsogolo mkokomo wonse umasanduka chiphokoso.